Menelaos ndi Kompyuta Yake Haralambos

M'tauni ya Karditsa, mumsewu wa kuseri kwa msika, munthu ukafuna kuuzidwa kuti ndiwe wopusa unkangopereka moni kwa Menelaos Tsiamouras. Ukati, "Kwazizira lero, bambo," ankakuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kunsapato n'kunena kuti kumeneko si kuzizira, ndi chinyezi, ndipo anthu osasiyanitsa ziwirizi ndi amene anagwetsa dziko. Ukamuyamikira malaya, ankati suzindikira nsalu. Moyo wake wonse anagwira ntchito ku kampani ya matelefoni. Ali mnyamata ankakwera mitengo ya mawaya, imvi zitayamba anamukhazika m'chipinda cha makina, ndipo popuma pantchito anatuluka ndi chikwama cha zipangizo pamodzi ndi chikhulupiriro chakuti m'tauni yonse woganiza ndi iye yekha. Kumalo omwera khofi ankamutcha Injiniya. Iye ankayesa ulemu.

Nyumba imene bambo ake anasiya inali yosanja, yomangidwa mmene makolo a kuno amamangira: mwana wamkulu pansi, wamng'ono pamwamba, masitepe a simenti kunja kuti akazi awo asamakumane mkati mwa nyumba. Pansi pankakhala Menelaos yekha. Mkazi wake anapita ku Germany kukathandiza mwana wawo wamkazi atachira, ndipo khandalo linayamba sukulu iye asanayambe kukamba zobwerera. Pamwamba pankakhala mng'ono wake Argiris, woyendetsa basi ya ku Trikala, ndi mkazi wake Stamatia, pamodzi ndi mayi wa amuna awiriwa, gogo Evlambia. Nkhalamba ya miyendo yotupa ikanayenera kukhala pansi, kopanda masitepe, koma Menelaos anafotokozera banja lonse kuti pansi pali chinyezi. Iyeyo chinyezicho sichinkamupweteka.

Bambo awo, malemu Haralambos, anali wotsogolera nyimbo m'tchalitchi, munthu wa mawu akuya ngati akuchokera m'chitsime. Pa mwambo wa kuno, mwana wamwamuna woyamba amatenga dzina la agogo ake a kwa bambo, zimenezo sakambirana. Menelaos, pokhala wamkulu ndiponso woyamba kukwatira, ankaona dzinalo ngati lake kale, longodikira mutu woti alikhazikepo. Tsiku limene namwino anatuluka n'kumuuza kuti kwabadwa mtsikana, anafunsa ngati wayang'anitsitsa. Mtsikanayo, Evi, anakula n'kukhala mwana amene mphunzitsi aliyense amalakalaka atakhala naye m'kalasi, wofunsa mafunso, wosaseka anzake akalakwitsa, wogawa buledi wake pa nthawi yopuma. Bambo ake ankasaina mapepala a zotsatira za mayeso ake maso ali pa nyuzipepala.

Patapita zaka, kwa Argiris kunabadwa mnyamata. Wansembe anamumiza m'madzi n'kutchula dzina lija, ndipo mkulu Haralambos analira anthu akuona. Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse pa tsiku la Haralambos Woyera, alendo onyamula mabokosi a makeke ankadutsa pakhomo pa Menelaos n'kukwera masitepe kukafunira mnyamatayo zaka zambiri. Menelaos ankatseka mawindo, ati phokoso.

Ndiye itafika nthawi ya makompyuta, iye anali woyamba kugula mumsewumo. Makinawo atamufunsa dzina loti azidziwika nalo pakati pa makina anzake, sanazengereze. Analemba HARALAMBOS, zilembo zikuluzikulu. Bambo ake anali atamwalira kale pa nthawiyo, koma anasiya makaseti odzaza bokosi, amene ankajambula poyeserera nyimbo kunyumba masana aliwonse. Menelaos anawasamutsira m'kompyuta imodzi ndi imodzi, ntchito ya nyengo yonse yozizira, ndipo pamenepa tisam'mane zake, anaigwira bwino. Makasetiwo anawakiyira m'kabati. Argiris atagula kompyuta yake, Menelaos anaboola denga, anadutsitsa waya, nalumikiza makina awiriwo kuti a pamwamba azitha kutsegula foda ya nyimbo imene inali pansi. Kompyuta ya mng'ono wakeyo anaitcha WACHIWIRI.

"Achimwene, bwanji osangotiikira pa fulashi, tizikhala nazo konkuno?" Argiris anafunsapo.

"Kuti uzikaziliza mu basi yako, anthu akusanza m'mapepala? Mawu a bambo amakhala kwa mwana wamkulu. Inu kwanu n'kumvera. Ndikadzamva kuti mwakopera, waya ndidula."

A pamwamba sanakopere. Palibe amene amatungira madzi m'ndowa mpope ukutuluka.

M'zaka zimenezo mutu wa gogo Evlambia unayamba kutaya zinthu. Poyamba ankaiwala pamene aika magalasi, kenako mayina a zidzukulu, kenako anaiwala kuti amuna awo anamwalira. Koma lamulo limodzi la pa ukwati wawo linatsala chilili: mkazi sakhudza mbale mwamuna asanafike pakhomo. Ankakhala patebulo, manja pamiyendo, kuyang'ana chitseko, msuzi n'kuzizira. Stamatia ndiye anapeza njira. Nthawi ya chakudya ikakwana ankalowa m'chipinda chapafupi, kutsegula foda ija, n'kukweza masipika pang'ono. Mawu a malemu ankadzaza nyumba, ndi kutsokomola kwawo komwe, ndi kubwereza kwawo akaphonya.

"Abwera," gogo ankatero, nkhope itamasuka. "Tamvani akuyeserera za Lamulungu. Pakula, mwana wanga, tidyeretu ife. Iwowo akayamba salekeza."

Ndipo ankadya. Masana ndi madzulo, zaka zingapo, moyo wa gogo Evlambia unkadutsa pa waya wa m'dengamo. Menelaos ankauza anzake omwa nawo khofi kuti amayi ake amadyetsa ndi iye, ena aja amangogwira supuni. Masitepewo ankawakwera pa Pasaka ndi pa Khirisimasi, kapena makina akavuta.

M'mawa wina Stamatia atayatsa kompyuta, inalemba kuti ikulandira zosintha zatsopano za pulogalamu yaikulu imene imaiyendetsa, asaizimitse. Kachizindikiro kanazungulira mpaka msuzi wa mphodza unapsa. Itatsegukanso, zithunzi zinali zosalala, mabatani atasuntha malo, ndipo foda ya nyimbo kunalibe.

Menelaos anakwera ndi chikwama chake cha zipangizo, ngakhale munalibe chimene chikanathandiza.

"Wakhudza chiyani?"

"Sindinakhudze kanthu, alamu. Yangoyamba yokha."

"Aliyense amene anaonongapo chinthu sanakhudze kanthu. Mawu amenewo ndinawamva kuntchito mpaka makutu anachita zipsera. Suntha."

Anazula waya, kuuzira, n'kubwezera. Anazimitsa kabokosi ka intaneti, kudikira, n'kuyatsanso, uku akung'ung'udza kuti imeneyi ndi nzeru ya anthu opanda nzeru. Kenako anapeza cholakwika choyamba: pulogalamu yatsopanoyo inali itaganiza yokha kuti nyumba ya a Tsiamouras ndi malo a anthu onse, ngati pokwerera sitima, ndipo inabisa kompyutayo kwa inzake.

"Ukuona? Anyamata a kutsidya kwa nyanja, oti sanakwerepo mtengo wa mawaya ngakhale umodzi, akundiuza ine kuti kwathu ndi pamsika."

Anasintha zimenezo, ndipo dzina la HARALAMBOS linaoneka pa sikirini. Anatembenuka kuti Stamatia aone nkhope ya munthu wodziwa. Atadina, kompyuta inamufunsa dzina lolowera ndi mawu achinsinsi. Mawu achinsinsi anali asanaikepo chiyambire. Anadina osalemba kanthu, ndipo makina anamuyankha ndi mzere wa zilembo ndi manambala wosonyeza kuti akana.

M'chipinda chodyera, gogo anali atapinda manja.

"Achedwa kuti abambo anu lero? Kapena wansembe wawagwira ndi nkhani zake zija?"

"Idyani, amayi, abwera posachedwa," anatero Stamatia.

"Iwe unaleredwa kuti?"

Tsiku limenelo gogo sanadye masana, sanadye madzulo. Menelaos anatsikira kwake kukawerenga zimene anthu ena ovutika chimodzimodzi analemba pa intaneti, ndipo onse anawapeza kuti ndi mbuli. Wina anati kwa iye zinatheka atangozimitsa n'kuyatsanso. Wina anathokoza kuti wapeza yankho, osanena yankholo. Koma pakati pa zinyalalazo choonadi chinalipo, ndipo Menelaos, amene sanali wopusa pa zinthu za mawaya, anachizindikira msanga. Vuto linali kwa iye. Kwa zaka zambiri ankaletsa kompyuta yake kulandira zosintha zilizonse, ati salola alendo kum'sunthira mipando m'nyumba. Choncho makina ake ankalankhulabe ndi anzake mwa njira yakale, imene pulogalamu yatsopano inali itaitaya chifukwa mbava zinkalowerapo. Pulogalamuyo sinkalolanso kulowa m'foda ya wina ngati mlendo wopanda dzina. Mankhwala ake anali akuti HARALAMBOS ilandire zosintha nayonso, ndipo paikidwe dzina lolowera ndi mawu achinsinsi.

Zimenezi sanauze munthu. M'mawa mwake anakwera n'kulengeza kuti kompyuta ya pamwamba ndi yotchipa, yogulidwa ndi munthu wosafunsa, ndipo anatha tsiku lonse akuikakamiza kuti ibwerere ku njira yakale. Akatsegula apa, pena pankatseka.

Gogo anamwa madzi ndi khofi pang'ono, basi. Madzulo Argiris, atabwera kuntchito, analowa m'chipinda chija, kutseka chitseko, n'kuyesa kuimba nyimbo ya bambo ake ndi mawu okhuthala. Gogo anatchera khutu.

"Ndani akuzunza mbuzi kuchipindako?"

Stamatia anatsatira Menelaos pamasitepe.

"Alamu, chonde. Nyimbo imodzi yokha pa fulashi. Kapena kaseti imodzi, wailesi yakale ndikabwereka kwa aneba."

"Makaseti aja akalowa m'wailesi ya aneba atuluka ngati zingwe za nsapato. Mawa zitheka."

"Dzulo munati mawa."

"Amayi asala kudya pa Lenti moyo wawo wonse, mlamu. Njala ya masiku awiri saiopa. Oopa ndiwe, chifukwa suzolowera kudikira."

Komabe Menelaos anagona ataganiza, ndipo kutacha anachita chimene anakana kwa zaka. Anatseka chitseko ndi makatani, ngati munthu womwa mankhwala ochititsa manyazi, n'kulola HARALAMBOS kulandira zosintha zonse zimene zinaunjikana. Zinatenga m'mawa wonse. Anaika dzina lolowera, anaika mawu achinsinsi, anatsegulanso foda kuti a pamwamba aione. Zonse zinali m'malo mwake.

Zimene sankadziwa n'zakuti m'mawa womwewo Argiris, amene anali pa tchuthi, anayang'ana amayi ake akulephera kudzuka pampando, n'kunyamula kompyuta kupita nayo ku kasitolo kokonza makina pafupi ndi pokwerera mabasi. Popeza achimwene anati vuto lili mu yotchipayo, ndiye ikonzedwe yotchipayo. Kumeneko okonzawo anafufuta zonse za mkati n'kuikamo pulogalamu mwatsopano, ndipo pomaliza anamufunsa dzina loti aipatse. Argiris anali munthu wofatsa, wa mtundu umene umameza mawu mpaka anthu kuiwala kuti ali ndi mmero. Koma kwa zaka zonsezo, akayatsa makina ogula yekha, m'nyumba yake, ankaona WACHIWIRI. Anayankha kuti, "Lembani Haralambos. Ndi dzina la bambo anga, ndiponso la mwana wanga."

Masana Menelaos anakwera ali ndi chipambano m'thumba. Anapeza kompyuta ili pamalo pake, koma yoyera mkati ngati nyumba yosamukamo.

"Wapita nayo kwa ndani?"

"Kwa odziwa," anatero Argiris, akusenda lalanje.

"Odziwa! Aja amagulitsa zikwama za mafoni?"

Anayambiranso zonse. Anauza makina kuti pano ndi panyumba, osati pamsika. Anatsegula zoti azionana. Anayang'ana pamene pamaoneka makompyuta ena, n'kuona HARALAMBOS. Anadina, ndipo inatseguka popanda kufunsa kanthu, koma mkati munalibe nyimbo ngakhale imodzi. Anatsika kukaona kwake: nyimbo zonse zilipo. Anakwera: mulibe. Anatsikanso, ndipo ulendo uno kompyuta yake inali italemba uthenga pakona, wakuti pa netiweki pali makina ena a dzina lofanana ndi lake. Anauwerenga kawiri. Anakwera masitepe pang'onopang'ono, natsegula tsamba limene kompyuta imanenapo za iyo yokha, ndipo anaona. Nthawi yonseyi makina a pamwamba, akatumidwa kwa Haralambos, ankangogogoda pakhomo pawo pomwe.

"Argiris."

"Achimwene."

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi dzina. Simukulidziwa? Mumalimva chaka chilichonse likudutsa pakhomo panu."

"Sintha. Pa waya umodzi sipakhala makina awiri a dzina limodzi. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ngakhale woyendetsa basi angamve zimenezo."

"Ndamva bwino. Ndiye sinthani yanu."

Menelaos anaseka, kuseka kwa m'mphuno kumene anthu a mumsewumo ankakudziwa.

"Yanga yakhala Haralambos kuyambira iwe usanadziwe kuti kompyuta ili ndi kutsogolo ndi kumbuyo."

"Ndipo m'nyumba muno mwakhala Haralambos weniweni, wa miyendo iwiri, wobatizidwa ndi wansembe. Wanuyo anam'batiza ndani? Munam'miza m'beseni?"

"Dzinalo linali langa!"

"Linali la bambo. Mulungu anakupatsani mwana wabwino kuposa tonsefe, inu n'kumukwinyira nkhope mpaka anathawira ku Germany ndi amayi ake omwe. Ndiye mwabereka bokosi."

"Iwe, ndine mkulu wako!"

"Eya. Ndipo ine ndine wachiwiri, munandilembera kuti ndisaiwale. Ndatopa nazo."

Stamatia anatulukira kukhitchini, supuni ili m'manja.

"Amuna inu, tamverani. Kuchipindako kuli mayi amene anakuberekani nonse awiri, ndipo milomo yawo yauma. Itcheni Bulu, itcheni Kabichi, ine ndilibe nazo ntchito. Inu amuna anga, bambo a Haralambos, sinthani."

"Asinthe iwowo."

"Alamu?"

"Ine sindikambirana ndi anthu oba mayina."

Kusintha dzina la kompyuta ndi ntchito yochepa kuposa kumanga chingwe cha nsapato. Umalemba lina, makina amazima n'kuyakanso, basi. Ndipo Menelaos ankadziwanso njira ina, imene sinkafuna kuti wina aliyense agonje: kompyuta iliyonse ili ndi nambala yake pa netiweki, ndipo ukaiitana ndi nambalayo m'malo mwa dzina, imayankha. Anailingalira njirayi ali pamasitepe, n'kuikana. Kuitana Haralambos wake ndi nambala, ngati mkaidi, pamene wa pamwamba akuitanidwa ndi dzina! Kumeneko kukanakhala kuvomera kuti weniweni ndi winayo. Munthu amene ankanyoza tauni yonse kuti siiganiza anaganiza mpaka kufika pamenepo.

Kumalo omwera khofi anafotokoza kuti nkhaniyi ndi yovuta kwambiri, ya mkati mwenimweni mwa makina, ndipo sangaifotokozere anthu amene sadziwa kusintha babu. Mmodzi wa okalamba osewera makhadi anafunsa, maso ali pa makhadi ake, "Nanga amayi akudya, a Injiniya?" Menelaos anati khofi wa lero wapsa.

Dokotala wa banjalo anabwera tsiku lotsatira. Anagwira dzanja la gogo, anatsina khungu n'kuona kuti likuchedwa kubwerera, ndipo anati ngati sadya pofika mawa, apite nawo kuchipatala akawaike madzi a m'mitsempha. Anawonjeza kuti okalamba a mutu wotere akagonekedwa m'chipinda chachilendo, kawirikawiri amasokonezekeratu, ndipo ena sabwerera kwawo ali anthu omwe aja.

Stamatia sanakwezenso mawu. Anatsika, nagogoda kwa Menelaos, n'kuima pakhomo osalowa.

"Mwamva zimene wanena dokotala. Mwamuna wanga ndi bulu, ndamuuza, ndipo akugona pampando mpaka nkhaniyi ithe. Koma nyimbo zili kwa inu. Mawa ndikawanyamula amayi, ndidzera kumsika, ndipo aliyense wondifunsa ndidzamuuza chifukwa chake. Ndidzayambira kwa wansembe."

"Ukundiopseza?"

"Ndikukuuzani njira imene ndidzere."

Menelaos anatseka chitseko. Anakhala patsogolo pa kompyuta yake nthawi yaitali. Anatsegula pamene amasinthira dzina, anayang'ana zilembo zija, anaika chala pa batani lofufutira, n'kuchichotsa. Anatulutsa fulashi m'kabati, anaitembenuza m'manja, n'kuibwezera. Tinene zoona, amayi ake ankawakonda, mwa njira imene anthu otere amakondera, ngati katundu wa banja amene sayenera kuonongeka ali m'manja mwawo. Sankafuna kuti afe. Ankangofuna kuti adye popanda iye kutaya kanthu. Ndipo pamapeto pake nzeru zake zonse za zaka za ku kampani ya matelefoni zinam'patsa yankho.

Nthawi ya chakudya chamasana itayandikira, amayi oyanika zovala pa makonde a nyumba zoyandikana anaona chitseko cha pansi chikutseguka. Munatuluka Injiniya, atakumbatira bokosi lachitsulo la kompyuta, lalikulu ngati mwana wa nkhumba, chibwano chili pamwamba pake. Anakwera masitepe chammbali, kupuma pa sitepe iliyonse. Anatsika, nakweranso ndi sikirini. Anatsika, nakweranso ndi kiyibodi, masipika ndi mtolo wa mawaya pakhosi. Argiris anatsegula chitseko n'kutambasula manja kuti alandire.

"Usakhudze."

"Masipika ndi sikirini zilipo kale kuno, achimwene."

"Za kusitolo ya zikwama za mafoni? Suntha."

Anayala zonse pansi m'chipinda chija, kutali ndi tebulo la kompyuta inayo, anagwada n'kulumikiza, thukuta likudontha pa kiyibodi. Waya wa netiweki sanaulowetse, kuopa kuti awiriwo angakumane. Anadina. Kunamveka kutsokomola, kenako mawu akuya aja anayamba nyimbo ya m'mawa wa Lamulungu.

M'chipinda chodyera, gogo Evlambia anadzutsa mutu.

"Ha! Abwera tsopano. Anali kuti masiku onsewa? Ndiwafunsa bwino akamaliza." Anayang'ana mbale. "Msuzi umenewu wazizira, mwana wanga. Tenthetsa."

Anadya mbale yonse, ndi buledi, ndi maolivi angapo. Stamatia anatembenukira kukhoma n'kupukuta maso ndi m'mphepete mwa epuloni. Nyimbo zitatha, Menelaos anazula zonse n'kutsika nazo, chifukwa Haralambos wake sakanagona m'nyumba ya eni. Madzulo anakweranso.

Ndi mmene zakhalira mpaka lero. Argiris sanasinthe dzina, Menelaos sanasinthe dzina. Masana ndi madzulo, kaya kukugwa mvula kaya dzuwa likuswa mtengo, Injiniya amasenza makina ake pamasitepe, mvula ikamagwa atawafunditsa nsalu ya patebulo. Msana unayamba kumuvuta, ndipo amavala lamba wothina wa ku sitolo ya mankhwala. Evi anaimba foni kuchokera ku Germany, mwaulemu monga mwa khalidwe lake, kupempha kuti bambo ake adzimvere chisoni. Anamuyankha kuti za makina azisiyire amuna. Kumalo omwera khofi amanena kuti kulumikiza makompyuta pa waya ndi nzeru yachikale, yosatetezeka, ndipo akatswiri enieni anaisiya kalekale.

Gogo Evlambia anazolowera kumuona akudutsa ndi katundu wake, koma nkhope yake inali itachoka kale m'mutu mwawo, monga zimachokera nkhope zosaonekaoneka. Tsiku lina, ali pakati pa kudya, anamuona atatsamira pachitseko, akupuma mwawefuwefu, malaya atanyowa kumsana. Anakodola Stamatia.

"Bambo uyu amagwira ntchito molimbika. Ndi wa kuti?"

"Ndi a Menelaos, amayi. Mwana wanu wamkulu."

"Ayi, Menelaos wanga ndi bwana ku matelefoni, sanyamula katundu. Uyu ndi waganyu." Anamuyang'ana mwachifundo. "Wadya, bambo? Usachite manyazi, pano sitinyoza munthu chifukwa cha ntchito yake. Stamatia, m'patse mbale, akadyere kukhitchini. Koma asasokose, amuna anga akuimba."

Menelaos anatsegula pakamwa kuti akonze zimene zanenedwa, monga ankachitira ndi munthu aliyense pa dziko lapansi. Stamatia anamuyang'ana, n'kuyang'ana supuni imene inali m'dzanja la gogo, itaima pakati pa mbale ndi pakamwa. Menelaos anatseka pakamwa, analandira mbale, napita kukhitchini. Anakhala pa kampando ka pafupi ndi sinki, nalawa msuziwo, ndipo anauza khoma motsitsa mawu kuti mchere wachepa.